Chombo cha Lachinayi

"Namwino sapha ndi jakisoni, amapha ndi bolopeni." Anandichenjeza choncho a Metroni Chisale tsiku langa lachiwiri pa ntchito, atandipeza ndikulemba m'faelo ya wodwala ndili chiimire, maso ali kunja pawindo. Anandilanda bolopeniyo n'kuiponya m'thumba la yunifolomu yawo, ndipo ndinaionanso patapita masiku atatu. Pondibwezera anati jakisoni wolakwika amaonekera tsiku lomwelo, koma mawu olakwika amagona m'faelo, amawerengedwa ndi anthu amene wodwalayo sanamuonepo, amabereka ana ndi zidzukulu iwe mwini wake utaiwala kalekale. "Uzilemba zimene waona, zonse. Zimene ukuganiza uzizisiya pakhomo pamodzi ndi matope a kunsapato."

Mutu uno ndalembera iwe Tiyamike. Kuyambira uli mtsikana mpaka lero uli ndi ana ako, wakhala ukundifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinalonjeza iwe ndi mlongo wako Dalitso kuti mubwera kuno ku England Khirisimasi ija, koma n'kudzabwera Khirisimasi inayo. Ndinkakuyankha kuti ndi mapepala. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Ndalemba m'Chichewa dala. Ana ako amandiyankha m'Chingerezi, ndiye akafuna kudziwa za agogo awo avutike kaye. Komanso sindifuna kuti aliyense wolowa m'nyumba muno ndi baji pachifuwa azingotola n'kuwerenga.

Ntcheu ndi Lilongwe, zaka khumi ndi ziwiri zoyamba

Za ubwana wanga sindilemba, mulibe phunziro. Ntchito ndinayambira pa chipatala chaching'ono m'boma la Ntcheu, cha mabedi ochepa kuposa odwala, kumene a Metroni Chisale anali dokotala, woweruza ndi wapolisi nthawi imodzi. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri kwa wodi ngati masokosi. Mapepala a mafaelo akatha tinkadula makalendala akale n'kumalemba kuseri kwake, moti mbiri ya mayi woyembekezera inkapezeka kumbuyo kwa chithunzi cha thalakitala. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kusakhulupirira pakamwa pa munthu. Wosunga mankhwala ankati atha, iwe ukatsegula wekha kabati n'kuwapeza kuseri kwa mabotolo a sipiriti. Wodikirira wodwala ankalumbira kuti wamwetsa mapiritsi onse, ukatukula matiresi n'kuwapeza atandandalikidwa ngati mbewu. Ngakhale sikelo ya ana ndinkaiyesa kaye ndi paketi ya shuga. Ndinagula kabuku ka chikuto chakuda, kolowa m'thumba, m'mene ndinkalembamo zonse zimene ndauzidwa, wanena ndani, nthawi yanji. Chizolowezi chimenecho sindinachisiye mpaka lero. Timabuku timeneto tili m'katoni pansi pa bedi, ndipo ndikudziwa kuti tilipo tingati.

Kenako anandisamutsira ku Lilongwe, ku wodi ya amuna, kumene ndinakhala zaka zinayi. Bambo anu anamwalira chaka chachitatu. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhalenso pansi. Ndinkafika kunyumba n'kumangozungulira, kusuntha mipando, kuibwezeranso. Anzanga anali atayamba kupita ku England mmodzimmodzi, wodi ikutsala ndi mayunifolomu opachika pamisomali. Nanenso ndinalemba makalata. Ndinakusiyani kwa agogo anu ku Ntcheu, iwe uli Sitandade 4, Dalitso akuyamba kumene sukulu. A Metroni Chisale, amene anali atapuma kale pa ntchito, ananditumizira bolopeni ya buluu mu envelopu, popanda kalata.

New Cross, zaka ziwiri zoyamba ku England

Ndinafikira ku Wolverhampton, ku New Cross, m'nyumba yopapatiza ya njerwa zofiira imene tinkakhalamo anamwino asanu, bafa limodzi. Amene anandilandira anali Mayi Tembo a ku Chipata, ku Zambia, munthu woseka kwambiri, ndipo chifukwa cha kusekako panapita miyezi isanu ndi umodzi ndisanawauze dzina la mudzi wathu. Ine amene ndinkachiritsa amayi oyembekezera ndi nyali ya parafini ndinayambiranso pansi, kusambitsa ndi kudyetsa, kudikira kuti mapepala anga avomerezedwe. Chingerezi cha kusukulu sichinandithandize. Anthu a kuno amameza theka la mawu, amakufunsa ngati uli bwino akuyenda, ukamati uyankhe iwo afika kale pakona. Ndinasintha chipinda katatu m'nyumba imodzimodziyo. Tsiku losapita ku ntchito ndinkakwera basi mpaka kumene imathera n'kubwerera nayo, kungoti ndisakhale malo amodzi.

Ntchito yokhazikika ndinaipeza ku Aston, ku Birmingham, pa nyumba yosamalira okalamba, pafupi ndi bwalo la mpira, moti tsiku la masewero anthu akachemerera makapu ankanjenjemera patebulo. Dzina la nyumbayo sindilitchula. Chimene muyenera kumvetsa n'chakuti chilolezo changa chokhalira m'dziko lino chinali ndi dzina la nyumbayo. Kuchotsedwa pamenepo kunali kuchotsedwa m'dziko. Ndipo kuti inu mubwere pankafunika kalata ya bwana yonena kuti ntchito yanga ndi yokhazikika, yopanda banga. Bwanayo anali Mayi Doyle, mzimayi wamtali wosakonda phokoso, wokhulupirira faelo kuposa Baibulo. Sanali munthu woipa. Anandiuza kuti chaka chachitatu chikayenda bwino kalatayo adzasaina, ndipo ine ndinathamangira kuimba foni ku Ntcheu kuti Khirisimasi ikubwerayi tidyera limodzi.

Aston, chaka chachitatu, nyengo yoyoyoka masamba

Bambo Hadley anabwera kwa ife atathyoka fupa la m'chiuno. Anali nkhalamba yowonda, ya manja akuluakulu, imene inatha moyo wonse m'fakitale yopanga zitsulo za magalimoto. Mkazi wawo anali atamwalira, mwana mmodzi yekhayo ali kutsidya kwa nyanja. Anabwera ndi sutikesi imodzi ya zovala ndi makatoni awiri a mabuku, ndipo sanalole kugonekedwa pabedi mpaka mabukuwo atandandalikidwa pashelufu m'dongosolo limene analembedwera. Ndinawerengetsa ndi chala, analipo makumi atatu ndi limodzi, onse a mlembi mmodzi wa ku America. Zikuto zake sizinandisangalatse. Anthu ovala mabeseni agalasi kumutu, zilombo za maso asanu ndi limodzi, mizinda yolendewera m'mlengalenga. Ndikamadutsa ndinkawatembenuzira kukhoma, m'mawa mwake n'kupeza atembenuzidwanso.

Tsiku lina m'mawa ndikuwatsuka bala anandiuza, osaseka n'komwe, kuti maroboti anyanyala ntchito, akuti sangatumikire munthu amene sawapatsa moni. Inu okulira kuno simungamve kulakwa kwanga ndikapanda kukukumbutsani kuti kwathu maroboti ndi magetsi a pamphambano aja, ofiira, achikasu ndi obiriwira. Za zidole zachitsulo zoyenda ndi kuyankhula ndinali ndisanaziganizirepo. Ndinasuzumira pawindo. Maroboti a pamsewu ankagwira ntchito bwinobwino, basi itaima pa lofiira. Ndinalemba m'kabuku kanga. Mawa lake anati ku Mars chitsime chomaliza chauma, ndipo akuda nkhawa ndi ana. Mkuja wake anati mkazi wawo akuwadikira pa siteji yachitatu. Kenako anandigwira pamkono n'kunena motsitsa mawu: "Sisita, ndichiritseni msanga. Ndikangoimirira, Lachinayi chombo chibwera kudzanditenga."

Kwathu munthu wamkulu akayamba kukamba zouluka ndi zokacheza kumaiko osaoneka, pali mayina awiri okha amene timam'patsa, ndipo lachiwirilo ndi misala. Ndinasankha laulemulo. Ndinatsegula faelo n'kulemba zimene ananena, n'kuwonjezera liwu limodzi la Chingerezi, "confused", kutanthauza kuti mutu wasokonezeka. Chimene sindinalembe n'chakuti nthawi zonse akamanena zimenezi buku linkakhala pamiyendo pawo, chala chili pakati pa masamba. Ndinaliona ndi maso angawa. Sindinalilembe.

Liwu lija linabereka monga ananenera a Metroni. Namwino wa masana analikopera. Wa kumapeto kwa sabata, wa ganyu wochokera ku ejensi yobwereketsa anamwino, amene sanakhale nawo ngakhale mphindi khumi, analikoperanso n'kuwonjezera lake. Pasanathe masabata awiri Mayi Doyle anali ataitana dokotala woona za mitu ya okalamba kuti abwere pakatha masabata atatu, adzagamule ngati a Hadley asamukire pamwamba. Pamwamba pamenepo chitseko chimatseguka ndi manambala achinsinsi, mawindo satseguka kuposa chikhatho, ndipo mabuku saloledwa m'zipinda chifukwa ena amang'amba masamba n'kumadya. Opita pamwamba sindinawaonepo akutsika ndi miyendo yawo.

Lachinayi lija linafika. A Hadley anali atayamba kuyenda ndi chitsulo chogwirira, ndipo pofika teni koloko anali atameta ndevu, atamanga tayi, jekete pathupi, buku m'thumba. Pageti panaima kaminibasi kakale kobiriwira, n'kutsika bambo ena a nduwira kumutu, ndevu zoyera. Mayi Doyle anakumana nawo pakhomo n'kuwauza mwaulemu kuti munthu amene faelo yake ikunena zimene ikunenazo sangatuluke dokotala asanamuone. Alendowo anayesa kufotokoza, koma anayamba ndi kunena kuti iwo ndi oyendetsa chombo, ndipo nkhani inathera pomwepo. A Hadley anaonerera zonsezi pawindo. Chakudya cha masana anachikankha, mbale inagwa, ndipo zimenezonso zinalowa m'faelo.

Nditaweruka masana ndinawapeza bambo a nduwira aja akadali kunja kwa geti. Anati dzina lawo ndi Gill, anayendetsa mabasi a mumzinda muno mpaka kupuma. Anati alipo amuna asanu, onse okalamba, amene akhala akukumana Lachinayi lililonse kwa zaka zoposa makumi awiri m'chipinda china ku Selly Oak, kuwerenga ndi kukangana za mabuku a mlembi mmodziyo, akamaliza lomaliza n'kuyambiranso loyamba. Kaminibasi kaja amakatcha chombo. Anandionetsa kumbuyo kwake, panali kachithunzi ka roketi kojambula ndi penti yoyera. "Mwezi uno tili ku Mars, Sisita," anatero. "Popanda Hadley sitiyenda, ndiye amakumbukira zonse." Ndinawathokoza, ndinalemba nambala ya galimoto yawo m'kabuku, ndipo m'sitima ndinaganiza kuti mwina onse ndi amisala, kapena akufuna nyumba ya nkhalambayo.

Masabata atatu a mabuku

M'mawa mwake ndinalowa kwa a Hadley ndi kabuku kanga n'kuwawerengera mawu awo amodziamodzi. Sanandiyang'ane. Anangoloza ndi chala pashelufu: maroboti, buku lachisanu ndi chinayi, chitsime, lachinayi, la chikuto chofiira. Munthu wina akanakhulupirira pomwepo. Ine ndinati wamisala wochenjera amathanso kuloza. Ndinapempha kubwereka, ndipo anandilola awiriawiri, atandilumbiritsa kuti sindipinda ngodya ya tsamba.

Onse sindinamalize pa nthawiyo, ndinawerenga khumi ndi limodzi amene anandilozera. Ndinkawerenga m'sitima ya m'mawa yochokera ku Wolverhampton, pa siteji ya basi, pa nthawi ya tiyi, ndili chiimire m'khichini. Kawiri ndinapitirira potsikira. Sindinkawerenga kuti ndisangalale. Ndinkafufuza monga ndinkachitira pansi pa matiresi ku Ntcheu, ndikapeza chimene a Hadley ananena ndinkaikapo kapepala n'kuchonga m'kabuku. Koma mabuku ali ngati odwala, ukawakhalira pafupi amayamba kukuuza zimene sunawafunse.

Ndikabweza awiri, a Hadley ankandipatsa mbiri ya mlembi wa mabukuwo pang'onopang'ono ngati mankhwala. Anali mwana wa pafamu pakati pa dziko la America, kumene kulibe phiri, moti mwana akatopa ndi kuona chimanga amangoyang'ana kumwamba. Anayamba ndi ntchito yokonza mawailesi, nkhani ankalembera pa tebulo lomwelo pakati pa mawaya, n'kumazitumiza ku timagazini ta pepala lotchipa timene anthu ophunzira ankachita nato manyazi. Zambiri zinkabwezedwa. Nkhondo yaikulu itabwera anakakonza mawailesi a sitima za pamadzi, ndipo atabwerako anayamba mabuku enieni. Oyambirira ndi opyapyala, othamanga, anthu ake ndi amuna odziwa zonse amene akakumana ndi vuto amalimasula ndi sipanala. Akazi m'menemo amangobweretsa khofi. Ndinawauza choncho a Hadley, iwo anati ndidikire. Pakati pa shelufu ndi pamene mkazi wa mlembiyo anadwala zaka zingapo, iye akumusamalira yekha, ndipo mabuku a nthawi imeneyo ndi ena ndithu: sipanala sigwiranso ntchito, zombo zimafika mochedwa, anthu amadikirana. Omalizira ndi onenepa ngati njerwa. Anali atatchuka, panalibenso wolimba mtima kumudulira, ndipo nkhalamba za m'menemo zimalalikira masamba makumi awiri osamwako madzi. A Hadley anamulembera kalata kamodzi asanakwatire, yankho linabwera pa khadi, mizere iwiri yokha, ndipo khadilo linkakhala m'buku la maroboti lija.

Limene linandigwira ndi limodzi la pakatipo. Muli mayi wogwira ntchito pa siteshoni ya pakati pa nyenyezi, kumene zombo zimaima kuti odwala atsike. Anasiya ana ake kwawo atawalonjeza kuti abwera msanga, koma kumene aliko masiku sayenda mofanana ndi kwawo, moti uthenga uliwonse umene walandira, mawu a mwana amakhala atakula. Ndinatseka bukulo sitima ili pakati pa ulendo, ndinaimirira n'kuyenda mpaka kumapeto kwa sitimayo, n'kubwerera. Mzungu wa ku America amene sanaione Ntcheu anadziwa bwanji za mawu ako pafoni, Tiyamike?

M'kabuku kanga munali zonena za a Hadley khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zonse ndinazipeza m'mabuku kupatula chimodzi, cha mkazi wodikira pa siteji yachitatu chija. Nditawafunsa anati chimenecho si cha mlembi, ndi chawo. Sindinafunsenso. Nditaweruka ndinakwera basi pageti n'kumawerenga masiteji. Yachitatu inali pa chipata cha manda.

Lolemba

Mayi Tembo ndinawauza Lamulungu tikuchokera ku tchalitchi, ndipo tsiku limenelo sanaseke. Anandiyankha m'Chinyanja chawo cha ku Chipata: "Ba Mbewe, mufuna kuzipha mweka? Lekani dokotala azaona yeka. Ana ali pafupi kubwera, imwe muyende mukagogode kwa bwana ati ndine wabodza?"

Anali ndi mfundo. Ndikanatha kungokhala chete, kapena kuyamba kulemba zabwino m'faelo mwakachetechete ngati sipanachitike kanthu. Koma madokotala ndinkawadziwa. Amawerenga faelo ali m'galimoto, amalowa atagamula kale, amakhala mphindi khumi ndi zisanu. Ndipo a Hadley anali atakwiya. Aliyense wowafunsa kuti chino ndi chaka chanji ankamuyankha dala ndi chaka cha m'buku, cha zaka mazana atatu kutsogolo. Ndinawapempha kuti asiye, iwo anati munthu womangidwa chifukwa chowerenga sangayankhe mafunso a kusukulu ya mkaka. Akanakwera pamwamba, ndipo wowakweza ndikanakhala ine, ndi liwu limodzi.

Masana amenewo ndinayenda wapansi kuchokera ku New Cross mpaka m'tauni, kubwerera, kupitanso, nsapato za ku tchalitchi zili kuphazi. Mbali imodzi kunali inu awiri, magazi anga. Mbali inayo kunali nkhalamba ya eni ake yokhala ndi zilombo pashelufu. Sindikunamizani kuti zinkalemera mofanana. Koma inu mwina mukanangochedwa, pamene iwo sakanatsikanso. Pa liwu lakuti mwina limenelo ndi pamene ndinaponda.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya Mayi Doyle ndi chikwama cha mabuku khumi ndi limodzi, timapepala titatulukira m'mbali ngati malilime. Ndinawayala patebulo pamodzi ndi kabuku kanga. Ndinayamba ndi maroboti. Nditafotokoza kuti kwathu maroboti ndi chiyani, pakamwa pawo panagwedera ngati aseka, koma sanaseke. Anawerenga malo atatu anayi, kufanizira ndi faelo, kenako anavula magalasi.

"Mukundiuza kuti munalemba bodza?"

"Ndinalemba theka. Buku ndinaliona m'manja mwawo, sindinalilembe."

"Nanga enawo?"

"Enawo anakopera kwa ine. Ndinayamba ndine."

Anatsegula dirowa n'kundionetsa kalata ya inu, yotaipa kale, yongodikira kusaina. Anati nkhani ya faelo sangaikwirire popeza ndainena ndekha. Ayenera kuilemba, ndipo ine ndikhala miyezi isanu ndi umodzi ndikugwira ntchito moyang'aniridwa, chilichonse chimene ndalemba wina azisainira pansi pake. Ntchito sandichotsa. Koma sangasaine kuti ndilibe banga pamene bangalo lili patebulo pawo. Anabweza kalatayo m'dirowa. Ndikutuluka anandifunsa ngati ndinkadziwa kuti zitha choncho. Ndinati ndinkaopa zoposa pamenepo.

Miyezi isanu ndi umodzi ya bwana inasanduka chaka mapepala atayenda m'maofesi. Ndinaimba ku Ntcheu Loweruka masana. Agogo anu anandiuza kuti iwe unali utagawa kale yunifolomu yako ya sukulu kwa mnzako, utatsanzika kalasi yonse. Unakana kubwera pafoni, ndinangomva chitseko chikumenyetsedwa. Unabwerera kusukulu yomweyo ndi yunifolomu yobwereka, anzako akukutcha wa ku England. Zimenezi ndinazimva patapita zaka, kwa Dalitso.

Dokotala anabwera Lachitatu, atawerenga faelo yokhala ndi tsamba latsopano la dzanja langa pamwamba pake. A Hadley anamuuza tsiku, mwezi ndi chaka molondola, kenako anamufunsa ngati amawerengako mabuku. Lachinayi teni koloko chombo chinaima pageti. A Hadley ndinawatsitsa ndekha masitepe a pakhomo, ndipo ndinayang'ana matayala onse anayi ndi laisensi ya a Gill ndisanawalole kukwera.

Zaka zotsatira, ndi lero

A Hadley anakhala nafe zaka zina zinayi, pansi. Chombo ndinakwera nawo kamodzi. Ku Selly Oak ndinapeza kachipinda kuseri kwa shopu, nkhalamba zisanu, tiyi wozizira, mkangano uli wakuti mabuku omalizira aja ndi nzeru kapena ndi ukalamba. Atandifunsa maganizo ndinati mlembi wawo ankafunika Metroni woti azimulanda bolopeni masiku atatu. A Gill anaseka mpaka kutsokomola, a Hadley sanandiyankhule mpaka Loweruka. Atamwalira, makatoni awiri aja anabwera kwa ine, ndipo ndinawerengetsa: makumi atatu ndi limodzi, khadi lili m'malo mwake. Ndinagwiranso ntchito m'nyumba zina zitatu mpaka kupuma, ndipo liwu lija sindinalilembenso ndisanalembe kaye chimene munthuyo wagwira m'manja.

Tiyamike, sindikupempha kuti unene kuti ndinachita bwino. Chaka chako sindingachibweze. Ndangofuna udziwe kumene chinapita.

Tsopano ndimakhala ndekha ku Aston kuno, pa fulati ya pansi chifukwa cha mawondo, ndipo kukhala pansi sindinaphunzirebe. Ndimayenda kuchokera pawindo kupita pashelufu moti kapeti yayamba kutha. Mabuku aja ndili nawo paulendo wachinayi. Kawiri pa sabata kumabwera namwino kudzaona shuga wanga. Ntchito amaidziwa, koma salemba ndi bolopeni, amagogoda pa kagalasi kamene amakatembenuzira kwa iye yekha. Sabata yatha anandipeza ndi buku lachisanu ndi chinayi pamiyendo, analowa osapereka moni, ndipo ine ndinamuuza kuti kwa iye maroboti akananyanyala ntchito kalekale. Anandiyang'ana, anamwetulira, n'kugogoda mawu angapo pa kagalasi kaja. Ndinamufunsa kuti walemba chiyani. Anati palibe chodetsa nkhawa. Ndalemba m'kabuku tsiku ndi nthawi.

Choncho ndikupempheni, iwe Tiyamike, Dalitso, adzukulu anga ngati mwafika mpaka pano ndi Chichewa chanu chothyokacho, ndi inu a ku tchalitchi amene masamba awa angakugwereni m'manja: muzibwera kudzandizonda. Foni yokha ayi, pafoni munthu saona chimene mnzake wagwira m'manja. Mubwere ndi miyendo. Mukafika mugogode katatu n'kutchula dzina lanu ndi la mayi anu, apo ayi sinditsegula. Mupemphe kuona zimene akulemba za ine. Mukadzamva ndikunena kuti ku Mars chitsime chauma, musathamangire kuitana aliyense, buku lake ndi lachinayi kuchokera kumanzere, la chikuto chofiira. Dzina la mlembiyo ndalisiya dala. Lili pashelufu. Wofuna kulidziwa abwere adzaliwerenge yekha, ndipo ngati n'kotheka abwere Lachinayi. Tsiku limenelo pofika teni koloko ndimakhala nditavala kale, nditaima pawindo.